Kadzenje Koyamba m'Thireyi

Achimwene, galimoto ija musaiyendetse. Musailize n'komwe. Ngati kalatayi yakupezani makiyi ali kumanja, aikeni pansi. Ku tayala la kutsogolo, mbali ya dalaivala, kukusowa kapini kamene kamatsekera nati kuti isamasuke. Kapiniko ndi kamene ndakulunga m'kapepala n'kumata kumapeto kwa tsamba lino. Lachisanu amayi musawakweze m'menemo popita kwa dokotala wa maso. Ngakhale ana, ngakhale katoni ya sopo ya ku shopu kwanu, ayi ndithu.

Lachitatu, 14 Meyi

Okondedwa achimwene,

Pepani kuti ndayamba ndi kukuwa moni asanafike. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno Kadontho ali bwino, chimfine chija chinatha. Bambo ake nawonso ali bwino, alawirira ku galaja monga mwa masiku onse. Amene sali bwino ndine.

Foni yanu munati inagwera mu ndowa. Ya alamu ndaimba kuyambira dzulo masana mpaka chala kuwawa, akungoyankha ndi mayi uja wa m'foni kuti sakupezeka. N'chifukwa chake ndalemba, ndipo ndipatsira kondakitala wa basi ya masana imene imaima pafupi ndi shopu yanu. Zolemba zanga mukuzidziwa, pamene papindika muwongole nokha. Koma muwerenge yonse, chifukwa mukalekera pamwambapa mukwiyira munthu wosalakwa.

Mukukumbukira chaka chatha bambo a Kadontho atasiya ukalaliki. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali pa mpando umodzi, kusanja mafayilo. Tsiku lina anangofika n'kukhala pa bedi nsapato osavula, amvekere, "Amake mwana, ndatopa kusunga mapepala a anthu amene sindidzawaona. Ndikufuna ndikonze chinthu ndi manja angawa, ndichione chikudzuka n'kuyenda." Abale awo onse anati mutu wawazungulira. Inu nokha ndi amene munawaikira kumbuyo. Munati munthu wa zaka makumi anayi ndi zitatu akafuna kudetsa manja musiyeni, manjawo ndi ake. Ine ndinavomera pakamwa. Ovolosi yoyamba ndinakawasankhira ndekha, n'kupinda miyendo yake chifukwa inali yaitali.

Sindinama, poyamba chimene chinkandiwawa ndi malaya. Ine ndinakwatiwa ndi munthu wa malaya oyera, manja ofewa kuposa anga. Anzanga a pa mpopi ankandipatsa malo akumati, "Apatseni atunge akazi a akalaliki." Lero ovolosi imodzi ndimaichapa madzi atatu, achitatuwo amatulukabe ngati tiyi wopanda mkaka. Pilo oyilo, thaulo oyilo, Kadontho akangonyamulidwa ndi bambo ake amatsika ndi zala zakuda pa diresi. Koma zimenezo munthu amazolowera.

Chimene sindinazolowere ndi dzina la Amayi Jeke. Inu simunawaonepo. Ndiwo eni galaja, ndiwo akuwaphunzitsa umakaniko. Anthu anawapatsa dzinalo chifukwa ndi afupi, ojintcha, ndipo akuti palibe chimene chimawakanika kunyamula. Mayi ameneyu analowa m'nyumba mwanga osagogoda. M'mawa, Amayi Jeke akuti injini imalankhula, iwe uzingomvetsera. Madzulo, Amayi Jeke akuti nati saimanga ndi mkwiyo. Mpaka shuga mu tiyi anachepetsa, ati Amayi Jeke amathira supuni imodzi. Kadontho asanathe kunena kuti malume, anali akunena kale kuti Jeke.

Tsiku lina pochapa ndinapeza dzanja pa phewa la ovolosi. Dzanja lathunthu la girizi, zala zisanu, laling'ono. Ndinaikapo langa kuyeza. Silinali la mwamuna. Achimwene, ovolosi imeneyo inakhala masiku awiri kuseri kwa chitseko osachapidwa, ndikungoitulutsa n'kumaiyang'ana ngati ndagwira kalata ya chibwenzi. Nditawaonetsa bambo a Kadontho anaseka mpaka kutsokomola.

"Imeneyo ndi satifiketi yanga," anatero. "Ukakhoza amakumenya paphewa. Mwezi wonse uno ndamenyedwa kamodzi kokha, ndiye chonde usachape."

Ndinaichapa tsiku lomwelo, ndi burashi.

Kenako ndinayamba kuwapititsira chakudya masana. Iwo ankati ndi chikondi, koma unali ukazitape. Ndinakapeza mayi wa imvi, wamkulu kuposa azakhali athu, dzino limodzi la kutsogolo palibe, chithunzi cha zidzukulu atamata pa khoma pakati pa masipanala. Ndinayenera kubwerako mtima uli m'malo. Koma ndinabwerako ukuwawa kuposa popita.

Chimene ndinaona n'chakuti bambo a Kadontho anali chagada pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. Anatulutsa dzanja kupempha sipanala, n'kutchula nambala yolakwika. Amayi Jeke anawauza yoyenera. Patapita kanthawi analakwitsanso. Anawauzanso. Kachitatu mayiyo anagwada, n'kulowetsa mutu pansi pomwepo, n'kuwalozera ndi chala, osakalipa. Kenako ndinamva kuseka kuchokera pansi pa galimotoyo. Zaka zisanu ndili pabanja, kuseka kumeneko ndinali ndisanakumvepo. Ndipo ine, nditaima poteropo ndi mbale ya chakudya, mwana kumbuyo, ndinali nditaona kalekale sipanala imene natiyo inkafuna.

Achimwene, ine palibe amene anandiuzapo chinthu katatu.

Mukukumbukira wailesi ya malemu bambo, imene inu munaimenya mpaka kung'alula chivundikiro, ine n'kulumikiza kawaya kake ndi mpeni wa kukhitchini? Tcheni cha njinga yanu ankabwezera ndani? Nanga makina osokera a amayi? Inuyo munkati, "Uyu akanakhala mwamuna tikanalemera." Ndinkaseka, kumaganiza kuti mukundiyamikira. Bambo atadwala, wina anayenera kusiya sukulu kuti aziwatembenuza pa bedi, ndipo sitinachite kuvota. Inu munapitiriza. Sindikukuimbani mlandu, ndikungonena mmene zinalili. Ndiye taganizani, munthu anapatsidwa sukulu yonse, ofesi, mpando wozungulira, watopa nazo, apatsidwanso moyo wachiwiri. Ine woyamba womwe sindinaulawe.

Bambo a Kadontho ali ndi buku lalikulu la zithunzi za magalimoto. Akapita ku galaja, Kadontho akagona, ndimalitsitsa pamwamba pa kabati. Chizungu chake chimandidutsa, koma zithunzi sizifuna womasulira. Ndimalibwezera mmene ndalipezera, pepala lawo losungira malo lili pomwe analisiya. Tsiku lina tikudya ndinalimba mtima.

"Kodi ku galajako sangandiphunzitseko nanenso?"

Sanakalipe ayi. Bola akanakalipa. Anaseka mwachikondi, n'kunditsina patsaya, kundisiyira girizi. "Ndiye Kadontho tizimugoneka mu bokosi la masipanala? Nyumba imodzi wonunkha oyilo mmodzi akwanira, amake mwana."

Tsopano ndifike pa thireyi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Inu munaiona Loweruka koma simunadziwe ntchito yake. Bambo a Kadontho ukalaliki sunawachoke m'magazi. Mutu wawo sugwira msanga dongosolo la zitsulo, ndiye anapeza njira yawoyawo. Amatenga thireyi ya mazira yopanda kanthu. Chimene ayamba kumasula amaika m'kadzenje koyamba, chotsatira m'kachiwiri, choncho mpaka amalize. Pomanga amayambira kumapeto kubwerera m'mbuyo. Thireyi ikakhala mbee, ndiye kuti ntchito yatha. Ku galaja amawaseka nayo. Amayi Jeke amati, "Akalaliki, galimoto si fayilo. Muziyang'ana chitsulo, osati thireyi." Koma iwo amaikhulupirira ngati pemphero. Mathireyiwo ndimawasungira ndine, pamwamba pa kabati pafupi ndi buku lija.

Loweruka munabwera ndi galimoto yanu, mukuti ikugogoda mukamakhota. Munachita kuyenda ulendo wa maola anayi, kusiya amakaniko onse a kwanuko, kuti alamu anu agwire ntchito yawo yoyamba paokha. Usiku wake sanagone ndi chimwemwe. Anaiimika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira, n'kuikweza pa jeke. Ine ndinali ndikuanula zovala, koma maso ali komweko.

Anavula tayala. Choyamba kuchotsa chinali kapini aka, anakawongola ndi pulayazi n'kukaika m'kadzenje koyamba. Kenako nati, kenako zina. Atafika pa chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi tayala, chinakana kutuluka. Anachimenya pamwamba, anachimenyanso, thukuta kamukamu. M'buku muja chithunzi chimaonetsa hamala ikumenya m'mbali. Ndinadzigwira, ndinadzigwira, mpaka zinanditulukira zokha.

"Bwanji mumenye m'mbalimo, osati pamwamba?"

Anadzutsa mutu, n'kuyang'ana inu, osati ine. "Amake Kadontho, tiyi wa alendo uja wafika pati?"

Inu munamenya ntchafu. "Alamu, chenjerani, nyumba ino amakaniko achuluka! Mawa mupeza wamasula bedi."

Munaseka nonse awiri. Mwina inu mwaiwala kale. Ine ndinapita kukhitchini, n'kuika ketulo pamoto, makutu ali pa zenera. Inu mutapita kukameta, ndinawamva akuimbira foni Amayi Jeke. "Amayi, chakana kutuluka." Anamvetsera pang'ono. Kenako ndinamva hamala, kawiri kokha, chitsulo n'kugwa. Analowa kukhitchini nkhope ikuwala.

"Mayi uja ndi mutu! Akuti umenye m'mbali. Wangoona, kawiri kokha!"

Anandiuza ine zimenezo, achimwene. Ine. Sanakumbukire n'komwe kuti mawu omwewo anali atatuluka pakamwa panga madzi a tiyi asanawire.

Anatenga chitsulo chakuthacho kupita nacho kukagula chatsopano. Kuseri kuja kunatsala galimoto, thireyi ndi ine. Kapini aka sikanagwe. Kadontho sanakatole. Bambo ake sanakataye. Ndinakachotsa ndine m'kadzenje koyamba, n'kukaponya m'kachitini kanga ka singano.

Mulungu ndi mboni, sindinaganize za ngozi. Ndinkafuna afike pomanga, apeze chinthu chasowa, akwawe m'fumbi kuchifunafuna inu mukuonerera. Ndinkafuna aimbenso foni ija, aone ngati Amayi Jeke angawapezere ali kutali. Akatopa, ine ndituluke ndi kapiniko, ndinene kuti ndakatola apa, ndipo kamalowa apa, ndikalowetse ndi dzanja langa inu nonse mukuona. Basi. Ndinasankha kameneka chifukwa kanali kakang'ono kuposa zonse, ngati kopanira tsitsi.

Chimene sindinaganize n'chakuti choyamba kuchotsa ndicho chomaliza kubwezera. Akanasowa cha pakati, chotsatira chikanakana kulowa, akanadziwa. Koma pambuyo pa kapini palibenso china chodikira. Anamanga zonse mobwerera, bwinobwino, nati n'kuikoka ndi mphamvu zawo zonse. Anayang'ana m'thireyi, muli mbee. Anainyamula m'mwamba, n'kuitembenuza, n'kuigwedeza kuti inu muone. "Yatha!" Anabwezera tayala. Munazungulira nayo mpaka ku sitolo ya pakona n'kubwerako, kugogoda kuja kulibe. Munawakumbatira osasamala za malaya anu. Ndinaona misozi m'maso mwawo, munthu wamkulu.

Ndinati ndinena tikamadya. Tikudya inu munali mukuwatchula kuti injiniya, ndinati ndinena m'mawa. M'mawa ndinadziuza kuti kanthu kochepa chonchi sikangagwire galimoto yonse, nati ndinaiona ndekha akuimanga zolimba, mwina n'kokongoletsera chabe. Lamulungu ndinakukonzerani buledi wa paulendo, ndinanyamula dzanja la Kadontho kuti akubayibitseni, ndinakuonani mukukhota pakona. Kapini kali m'kachitini, m'nyumba mwanga.

Dzulo, Lachiwiri, ndinapititsa chakudya ku galaja. Ndinapeza akutsitsa galimoto yoyera imene anachita kuikoka. Kutsogolo kunali kophwanyika, galasi lili zidutswa pa mpando, tayala limodzi litayang'ana kumbali ngati mwendo wothyoka. Amayi Jeke ananjuta pamenepo n'kuitana.

"Akalaliki, siyani kaye zimenezo, bwerani muphunzire. Apa chasowa n'chiyani?"

Bambo a Kadontho anawerama. Anayang'ana, anavula magalasi, anapukuta, anavalanso. "Nati, amayi."

"Nati ndiye aliyense akuona kuti palibe, ngakhale mwana ali kumbuyoyo. Ndikufunsa chimene chinailola kuti ichoke."

Ine ndinali kumbuyo kwawo. Ndinaona kabowo pa nsonga ya bawuti, kodzaza dothi lakale, kusonyeza kuti munalibe kanthu kwa nthawi yaitali. Sindikudziwa kuti pakamwa panatseguka bwanji.

"Kapini."

Amayi Jeke anatembenuka pang'onopang'ono. Aka kanali koyamba kundiyang'ana kumaso, masiku onsewa ankangondipatsa moni wa pamwamba. "Wadziwa bwanji, mwanawe?"

"Kabowoko kali ndi dothi. Mukanakhala kapini, bwenzi muli moyera, kapena mutatsalira chidutswa."

Anaseka, mpata wa dzino uja uli poyera. "Akalaliki! Makaniko mwamubisa kukhitchini, ife n'kutibweretsera kalaliki?" Kenako anasiya kuseka, n'kutulutsa kapini katsopano m'thumba, n'kukaimika pakati pa zala. "Muzikaopa aka. Popanda aka, nati imamasuka pang'onopang'ono. Bampu iliyonse, kona iliyonse, imabwerera ngati tsitsi limodzi. Mwina sabata, mwina mwezi, mwina mawa. Siilira, siichenjeza. Tsoka silinunkha. Umangoona chiwongolero chikuzungulira m'manja ngati mbale yopanda kanthu, galimoto ikupita kwina. Mwini wake wa iyi ali m'chipatala, sakudziwa n'komwe dzina lake."

Ine ndinaona msewu wanu uja wotsika phiri, makona ake asanu ndi awiri amene amayi amatseka maso mukamadutsa. Ndinaona amayi ali pa mpando wa kutsogolo, chikwama chili pamiyendo.

Ndipo bambo a Kadontho anati, "Ine zimenezo sizingandichitikire, amayi. Thireyi yanga sinama."

Kenako anatembenukira kwa ine. Ndinkayembekezera kuti achita manyazi, kapena akwiya kuti ndawayalutsa pamaso pa abwana awo. Koma ayi. Anandiyang'ana ngati andiona koyamba, n'kuuza Amayi Jeke monyadira, "Ndi akazi anga amenewo." Mayiyo anaimirira, n'kundimenya paphewa. Dzanja lonse, zala zisanu, pa bulauzi yanga yachikasu.

"Lolemba ubwere," anatero. "Mwana ubwere naye. Anga onse anakulira m'matayala, palibe anafa."

Chaka chathunthu ndakhala ndikulakalaka dzanja limenelo. Labwera tsiku limene sindingathe kulinyamula. Yankho limene anandiyamikira nalo ndinalidziwa chifukwa ndine wakuba wake. Bulauziyo ili kuseri kwa chitseko, sindikudziwa ngati ndiichape kapena ndiiwotche.

Ndinathamanga njira yonse kubwerera kunyumba, Kadontho akuseka kumbuyo poganiza kuti ndi masewera. Ndinayamba kuimba foni ya alamu. Ndaimbanso ya mayi wogulitsa pafupi ndi shopu yanu, nambala yake inasintha.

Madzulo ndinakonzeka kuti ndiwauze bambo a Kadontho. Ndinayeseza mawu ndikusenda anyezi. Anafika akuimba mluzu, anasamba m'manja nthawi yaitali, n'kukhala pa tebulo. Ndisanayambe, anayamba ndi iwo.

"Amake mwana, tsiku lija ndinakuseka. Ndinalakwa. Ndipo Loweruka za kumenya m'mbali zija, unayamba kunena ndiwe. Ndakumbukira lero ndili pansi pa lole, mpaka ndinadzigunditsa mutu."

Anaimirira, n'kutsitsa buku lija pa kabati, n'kuliika patsogolo panga. "Ndimadziwa kuti umaliwerenga. Masamba ake amanunkha anyezi." Kenako anatsitsanso thireyi imodzi yatsopano, n'kulemba ndi cholembera m'mbali mwake, AMAKE KADONTHO, zilembo zawo zokongola zija za ku ofesi. "Iyi ndi yako ya Lolemba. Asekenso, tizisekedwa awiri."

Ndiuzeni inu, achimwene, ndikanayambira pati? Ndinalira, iwo n'kumaganiza kuti ndi chimwemwe. Lero m'mawa ndayesanso. Ndinafika mpaka pakuti, "Bambo a Kadontho, galimoto ya achimwene ija," iwo n'kudumphira, "Ikuuluka imeneyo! Lachisanu amayi akafika kwa dokotala osamva bampu ngakhale imodzi." Anatenga chipewa n'kutuluka.

Ndiulule chinanso. Kalata ino ndi yachiwiri. Yoyamba ndinalemba kuti kapiniko ndakapeza posesa, kuti anaiwala okha. Mukanakhulupirira. Aliyense akanakhulupirira, si paja onse amati anayamba mochedwa, manja ndi a cholembera. Mukanawaseka pang'ono, abale awo akanati tinanena ife, iwo akanapachika ovolosi n'kubwerera ku mafayilo, ine n'kutsala woyera, Lolemba n'kupita ku galaja ndekha. Ndinailemba yonse mpaka kusaina. Ndaiponya pamoto. Ndikukuuzani kuti mudziwe mlongo amene muli naye.

Ndipo ngakhale pano, ndi mantha onsewa, kamtima kena kakundinong'oneza kuti, komabe iwe ukanakaona kabowoko, ngakhale thireyi ikhale mbee. Mwaona matenda ake? Sanathebe.

Tsono chochita ndi ichi. Galimoto ikhale pamene ili. Musaiyendetse kupita nayo kwa makaniko, makanikoyo abwere ndiye. Avule tayala la kutsogolo mbali ya dalaivala, aone nati ya pa chitsulo chatsopano chija, aimangenso, alowetse kapini katsopano. Aka ndatumizaka n'kongomuonetsa, kakale sabwezera, kakapindidwa kawiri kamathyoka. Muimirire pomwepo mpaka muone ndi maso anu kuti wapinda miyendo yake iwiri, wina uku wina uku. Akakufunsani kuti anamanga ndani, musatchule bambo a Kadontho moipa. Zonse anamanga bwino. Munene kuti kunalowerera dzanja lina.

Amayi muwauze kuti galimoto yafuna kukonzedwanso pang'ono, kwa dokotala apite pa basi ndi alamu. Zinazi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Ndidzawauza ndekha ndikadzapeza nkhope.

Koma inuyo mubwere kuno. Sindikuopa kumenyedwa, munthu uja sanandikwezerepo ngakhale chala. Ndikuopa kuti akamva adzangokhala chete pa bedi nsapato osavula, monga tsiku lija. Ndikuopa kuti sadzakhulupiriranso thireyi yawo, kapena manja awo, kapena ine. Chaka chonse ndimafuna atavula ovolosi imeneyo, lero ndikupemphera kuti asaivule. Inu amakumverani. Munawaikira kumbuyo pamene abale awo anawataya, tsono dzakhaleni pakati pathu pamene ndikuwauza. Mutu ukakula sulewa nkhonya, bambo kulibe, wamkulu ndinu. Mukafuna kundikalipira dzandikalipireni pamaso, ndidzagwada n'kumva zonse. Za Lolemba sindikupempha kanthu. Akadzati ndisapite, sindipita. Akadzati ndikawauze ndekha Amayi Jeke, ndidzapita n'kukanena.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti ayatse foni, ndawapempha. Moni kwa ana onse atatu. Wamng'ono uja amakonda kukhala pamiyendo panu n'kumagwira chiwongolero, mumutsitse, mumupsompsone m'malo mwa azakhali ake opusa. Moni kwa amayi. Muwagwire dzanja nthawi yaitali, musawauze chifukwa chake. Kadontho akupereka moni kwa amalume ake. Ali pansi apa, watenga thireyi yanga ija akuikamo timiyala, kadzenje kalikonse kamwala kamodzi. Koyamba wakadumpha, ndipo ndalephera kuyang'ana.

Basi ija yatsala pang'ono kunyamuka, ndiyenera kuthamanga. Kondakitala akhoza kuiwala kalatayi m'thumba. Akhoza kupeza shopu yotseka, inu mutapita kukatenga katundu pa galimoto yomweyo. Ine kuno sindidziwa chilichonse. Galimoto iliyonse yoima pakhomo ndiziti abwera kudzandiuza. Ngakhale mutaimba foni, mtima sukhala pansi mpaka ndione nkhope yanu pa chitseko ichi, miyendo yanu iwiri ili yonse.

Ndine mlongo wanu wolakwa,
Amake a Kadontho

Bwerani mawa, achimwene, musadikire Loweruka. Basi yoyamba ya m'mawa. Makiyi muwasiye m'kabati. Ndikhala ndili pa siteji ndi mwana kumbuyo, ndipo sindichokapo mpaka mutsike.